Chifukwa chake ku Virginia wachiwiri kwa bwanamkubwa amavoteredwa payekha

Pa 4 Novembala 2025 anthu a m'chigawo cha Virginia ku America adapita kukaponya voti. Nkhani idali mkamwamkamwa inali ya mpando wa bwanamkubwa, chifukwa amayi awiri, Abigail Spanberger wa chipani cha Democratic ndi Winsome Earle-Sears wa chipani cha Republican, ankalimbirana kukhala mayi woyamba kulamulira chigawocho. Adapambana ndi mayi Spanberger. Koma pa pepala lovotera lomwelo, pansi pa mayina awiriwo, padali mpikisano wina womwe nyumba zoulutsira mawu zambiri zidangoutchula mongodutsa: wa wachiwiri kwa bwanamkubwa, yemwe kumeneko amamutcha lieutenant governor. Pampandowu adadutsa ndi mayi Ghazala Hashmi a Democratic, kugonjetsa a John Reid a Republican.

Kwa ife amene tidazolowera kuchonga kamodzi, mtsogoleri wa dziko ndi womutsatira wake n'kulowera limodzi, zimenezi n'zachilendo. Ku Virginia munthu atha kuvotera bwanamkubwa wa chipani china, wachiwiri wake wa chipani chinanso, ndipo voti yake ndi yabwinobwino. Zachitikapo kangapo kuti zotsatira zatulukadi choncho. M'chaka cha 1993 a George Allen a Republican adapambana ubwanamkubwa pomwe a Don Beyer a Democratic adasunga mpando wachiwiri. Mu 2005 zidatembenuka: bwanamkubwa a Tim Kaine a Democratic, wachiwiri a Bill Bolling a Republican.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake aakulu, nyumba yake ya malamulo, makhoti ake ndi bwanamkubwa wake. N'chifukwa chake palibe njira imodzi yopezera wachiwiri. M'zigawo 26 bwanamkubwa ndi wachiwiri wake amavoteredwa pamodzi pa chisankho chachikulu. M'zigawo 17, kuphatikizapo Virginia, Texas, California, Georgia ndi North Carolina, aliyense amadziyimira yekha. Ku Tennessee ndi ku West Virginia dzina la udindowu limapita kwa mtsogoleri wa Seneti, imodzi mwa nthambi ziwiri za nyumba ya malamulo ya chigawo, yemwe amasankhidwa ndi maseneta anzake. Ndiye pali Maine, New Hampshire, Oregon ndi Wyoming, kumene udindowu kulibe n'komwe. Chigawo chotsalacho, Arizona, chidavomereza kuukhazikitsa mu 2022.

Mukayang'ana ntchito ya wachiwiri wa ku Virginia pa pepala, mutha kudabwa kuti anthu amakhetseranji thukuta. Malipiro ake ndi madola 36,321 pachaka, pomwe bwanamkubwa amalandira 175,000. Alibe unduna wouyang'anira, alibe apolisi, sakonza bajeti. Nyumba ya malamulo ya ku Richmond, likulu la Virginia, imakumana masiku 60 chaka china, chaka chinacho masiku ocheperapo, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe wachiwiri amakhala ndi chochita tsiku ndi tsiku: kutsogolera zokambirana za mu Seneti, kupereka mwayi wolankhula, kugamula pakabuka mkangano wa kayendetsedwe ka nyumbayo. Iye si seneta, ndipo pa nkhani wamba savota. Amavota pokhapokha mavoti a mbali ziwiri akalingana.

Apa ndi pomwe pali chifukwa choyamba chomwe mpandowu umakopera anthu: Seneti ya Virginia ili ndi mipando 40, nambala yogawika pakati, ndipo zipani ziwirizi zakhala zikutsatana pafupi kwa zaka zambiri. Pambuyo pa chisankho cha Novembala 2011 zidathera 20 kwa 20. Nyumbayo itatsegulidwa mu Januwale 2012, a Bolling adagwiritsa ntchito voti yawo kupatsa a Republican ulamuliro wa makomiti, kumene mabilu amapulumukira kapena kufera. A Democratic adayesa kuwatsekereza kukhoti koma sizidatheke. Voti ya munthu mmodzi, yemwe ambiri adamuchonga osaganiza kawiri, idasintha kayendedwe ka nyumba yonse.

Komabe mphamvuyo ili ndi malire, ndipo a Bolling eniake ndi amene adawafotokoza poyera. Malamulo aakulu a Virginia amati nkhani zina, monga bajeti, kusintha malamulo aakuluwo ndi kusankha oweruza milandu, zimafuna mavoti a maseneta osankhidwa oposa theka. Wachiwiri sali m'gulu limenelo. A Democratic ataona mpata umenewu adakana kuvomereza bajeti ya chaka chimenecho, ndipo idakhala ili gwa mpaka mwezi wa Epulo pomwe seneta mmodzi wa mbali yawo adavota ndi a Republican. Patapita zaka ziwiri ndodo idasintha dzanja: a Ralph Northam a Democratic atakhala pampandowo mu Januwale 2014, nyumbayo ikadali 20 kwa 20, adachita zomwezo mokomera chipani chawo. Chisangalalocho chidatha mu Juni chaka chomwecho seneta wawo mmodzi atatula pansi udindo.

Chifukwa chachiwiri chomwe mpandowu umakopera anthu ndi lamulo lomwe lili ku Virginia kokha: bwanamkubwa saloledwa kuyimanso atangomaliza zaka zake zinayi. Ayenera kutuluka kaye. Choncho tsiku lomwe bwanamkubwa akulumbira, andale amakhala atayamba kale kufunsana kuti wotsatira ndani, ndipo maso amagwera pa anthu awiri omwe nawonso adavoteredwa ndi chigawo chonse: wachiwiri ndi loya wamkulu wa boma. A Chuck Robb, a Tim Kaine ndi a Ralph Northam onse adadzera pa mpando wachiwiri. Koma dzina lomwe limandigwira mtima ndi la a Douglas Wilder, mdzukulu wa anthu omwe adali akapolo. Mu 1985 adasankhidwa kukhala wachiwiri, ndipo mu 1989 adapambana ubwanamkubwa ndi kusiyana kwa mavoti osafika 7,000, kukhala munthu wakuda woyamba kuvoteredwa pa udindowu m'mbiri ya America. Izi zidachitikira ku Richmond, mzinda womwe udali likulu la zigawo zomwe zidamenya nkhondo pofuna kusunga ukapolo. Ndikukhulupirira kuti zaka zinayi za pampando wachiwiri zidawathandiza kwambiri: anthu omwe ankakayika adawaona akutsogolera Seneti, adazolowera dzina lawo, ndipo pofika 1989 ambiri adali atawavoterapo kale kamodzi.

Njirayo sikuti imafikitsa aliyense. A Beyer adagwa mu 1997. Mayi Earle-Sears, obadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica, omwe adagwirapo ntchito ya usilikali ndipo mu 2021 adakhala mayi woyamba pa mpando wachiwiri atagonjetsa mayi Hala Ayala, ndi omwe adagonja kwa mayi Spanberger.

Chifukwa chachitatu ndi chomwe anthu amachiiwala mpaka tsiku la tsoka. Bwanamkubwa akamwalira, akatula pansi udindo kapena akachotsedwa, wachiwiri ndiye amalowa. Ku America zimenezi si zakamodzikamodzi. A Rick Perry adakhala bwanamkubwa wa Texas mu Disembala 2000 a George W. Bush atatula pansi udindo kuti akakhale mtsogoleri wa dziko la America, ndipo adakhalapo zaka 14. Mayi Kay Ivey adatenga Alabama mu Epulo 2017 a Robert Bentley atatula pansi. Mayi Kathy Hochul adatenga New York mu Ogasiti 2021 a Andrew Cuomo atachoka chifukwa cha madandaulo a amayi omwe ankati amawachita zosayenera.

Virginia idatsala pang'ono kulawa zimenezi mu Febuluwale 2019, m'sabata yomwe anthu akumeneko sadzaiwala msanga. Padatuluka chithunzi chonyoza anthu akuda kuchokera pa tsamba la bwanamkubwa wa nthawiyo a Northam m'buku lakale la kusukulu ya zaudokotala, ndipo ngakhale a chipani chawo adayamba kuwauza kuti achoke. Anthu adatembenukira kwa wachiwiri wawo, a Justin Fairfax. Pasanathe masiku, amayi awiri adawaneneza a Fairfax kuti adawagwirira zaka zapitazo, iwo adakana. Wachitatu pamzere, loya wamkulu wa boma a Mark Herring, adaulula okha kuti ali mnyamata kukoleji adadzipakapo nkhope kuti aoneke ngati munthu wakuda. Onse atatu adali a Democratic. Wachinayi adali sipikala wa nyumba ya nthumwi, a Kirk Cox a Republican, ndipo chipani chawo chidali ndi mipando 51 kwa 49 chifukwa cha mpando umodzi womwe opikisana awiri adapeza mavoti 11,608 aliyense, mpaka wopambana adachita kupezeka mwa maere, dzina lake litatoledwa m'mbale mu Januwale 2018. Pamapeto pake palibe adachoka, onse atatu adamaliza nthawi yawo. Koma kwa sabata imeneyo anthu adazindikira kuti dzina lachiwiri ndi lachitatu pa pepala lovotera si zokongoletsera.

Tibwerere ku 2025, chifukwa momwe opikisana awiriwo adapezekera mukuonetsa bwino tanthauzo la kuyima pawekha. Ku Democratic kudali chisankho cha chipulula pa 17 Juni ndi anthu asanu ndi mmodzi. Ku Virginia wotsogola ndiye wapambana, kulibe zoti afike theka, motero mayi Hashmi adadutsa ndi mavoti osafika 30 pa 100 aliwonse, atasiyana pang'ono kwambiri ndi a Levar Stoney, meya wakale wa Richmond, komanso seneta Aaron Rouse. Mayi Spanberger sadawasankhe, adangowalandira. Mayi Hashmi adabadwira ku Hyderabad m'dziko la India, adafika ku America ali mwana wa zaka zinayi, adaphunzitsa kukoleji zaka zambiri, kenako mu 2019 adasankhidwa kulowa mu Seneti ya chigawo. Kupambana kwawo kwa mu Novembala kudawapanga kukhala mayi woyamba wa Chisilamu kuvoteredwa pa udindo wa chigawo chonse kulikonse ku America.

Ku Republican kudali chimkulirano cha mtundu wina. A Reid, omwe ankadziwika ndi pologalamu ya pa wailesi ku Richmond, adatsala okha mnzawo wopikisana naye atasiya pa zifukwa za umoyo mu Epulo. Patangopita masiku, bwanamkubwa wa nthawiyo a Glenn Youngkin adawapempha kuti achoke, ponena za tsamba lina la pa intaneti lokhala ndi zithunzi zolaula lomwe ankati ndi lawo. A Reid adakana kuti tsambalo si lawo, adati akuwasala chifukwa sabisa kuti ali pa ubwenzi ndi mwamuna mnzawo, ndipo adakana kuchoka. Bwanamkubwa, mtsogoleri wa chipani m'chigawomo, adalibe chochita. Lamulo silidamupatse mphamvu yofufuta dzina la munthu pa mpikisano womwe si wake.

Zotsatira zidaonetsa kuti ovota ena amawerengadi mzere uliwonse paokha. A Democratic adatenga mipando yonse itatu, koma mosiyana: mayi Spanberger adatsogola ndi mavoti pafupifupi 15 pa 100 aliwonse, mayi Hashmi pafupifupi 11, pomwe a Jay Jones, omwe ankafuna uloya wamkulu wa boma ndipo adavutika ndi nkhani ya mauthenga a pafoni okamba zachiwawa omwe adalembapo kale, sadafike 7. Kusiyana kumeneku ndi anthu zikwizikwi omwe adachonga chipani china pamwamba, chipani china pansi.

Amene akufuna kuona pomwe mpandowu ungafike ayang'ane ku Texas. Kumeneko wachiwiri, yemwe kuyambira Januwale 2015 ndi a Dan Patrick, amasankha mamembala ndi apampando a makomiti a Seneti ya maseneta 31, amagamula kuti bilu ipite ku komiti iti, ndipo amakhala mmodzi mwa atsogoleri a bungwe lokonza bajeti. Nyumba ya malamulo ya Texas imakumana masiku 140 okha pa zaka ziwiri zilizonse, ndiye bilu yomwe wachiwiri sakuifuna safunika kuikana: amangoichedwetsa, masiku n'kutha. Ambiri odziwa ndale za kumeneko amati pa zopanga malamulo iye ndi wamphamvu kuposa bwanamkubwa. Koma gawo lalikulu la mphamvuzo limachokera m'malamulo omwe maseneta amadzipangira okha, ndipo atha kuwasintha. Ku Georgia zidachitika mu 2003: a Republican atatenga Seneti adalanda mphamvu zambiri za wachiwiri wa nthawiyo, a Mark Taylor a Democratic, n'kuwasiya ndi mpando wokha.

Otsutsa njira yovotera aliyense payekha ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi. M'zigawo zina lamulo limati bwanamkubwa akangotuluka m'malire a chigawo, wachiwiri ndiye agwirizira udindo, ndipo ena aligwiritsa ntchito molakwika. Ku California mu 1979 a Jerry Brown a Democratic atapita kunja kwa chigawo, wachiwiri wawo a Mike Curb a Republican adasankha woweruza wa khoti la apilo. A Brown pobwera adafafaniza, nkhani n'kukathera ku khoti lalikulu la chigawocho. Ku Idaho mu Meyi 2021 mayi Janice McGeachin adapezerapo mwayi bwanamkubwa Brad Little atachoka, n'kulamula kuti maboma aang'ono ndi sukulu asakakamize anthu kuvala zotchinga pakamwa ndi pamphuno nthawi ya Covid-19. A Little adathetsa lamulolo tsiku lotsatira. Mu Okutobala mayiwo adabwerezanso zofanana ndi zomwezo. Awiriwa adali a chipani chimodzi, ndipo mayi McGeachin ankafuna mpando wa a Little. Pa chipulula cha 2022 adagonja. Boma lotere limasokoneza anthu wamba, omwe Lachinayi amamva lamulo lina, Lachisanu lina, pa nkhani yokhudza miyoyo yawo.

Palinso funso la chifuniro cha ovota. Anthu akasankha bwanamkubwa wa mfundo zakutizakuti, iye n'kumwalira pakati pa ulendo, kodi n'chilungamo kuti chigawo chigwere m'manja mwa munthu wa mfundo zotsutsana nazo? Ku North Carolina a Roy Cooper a Democratic adalamulira zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 2017 mpaka kumayambiriro kwa 2025, ali ndi achiwiri a Republican okhaokha, a Dan Forest kenako a Mark Robinson, omwe sankagwirizana nawo pafupifupi pa chilichonse.

Koma tikiti imodzi nayo ili ndi minga yake. M'zigawo zina awiriwo amavoteredwa pamodzi pa chisankho chachikulu, koma pa chipulula aliyense amadzera khomo lake, mapeto ake n'kumangidwa pamodzi anthu omwe sadafunane. Ku Illinois mu 1986 a Adlai Stevenson III adapambana chipulula cha Democratic, n'kupeza kuti wachiwiri wawo ndi a Mark Fairchild, wotsatira wa Lyndon LaRouche, munthu wa maganizo omwe chipanicho chinkawakana. A Stevenson adasiya tikiti ya chipani chawo chomwe, n'kuyima pa dzina la chipani china chongopanga, ndipo adagonja. Ngakhale pomwe bwanamkubwa wadzisankhira yekha munthu, mtendere sukhala wotsimikizika. Mayi Hochul adadzitengera okha a Antonio Delgado mu 2022, koma pofika Juni 2025 a Delgado adalengeza kuti akufuna kupikisana ndi bwana wawo yemweyo.

Apa ndi pomwe Mmalawi sasowa womufotokozera. Kwathu mtsogoleri amadzisankhira womutsatira, amayenda limodzi pa kampeni, amalumbira tsiku limodzi. Komabe a Bingu wa Mutharika adakangana ndi a Cassim Chilumpha, kenako ndi mayi Joyce Banda, omwe adachotsedwa m'chipani cha DPP mu Disembala 2010 koma n'kulowabe utsogoleri wa dziko mu Epulo 2012. A Saulos Chilima adatuluka mu DPP mu 2018 akadali achiwiri kwa a Peter Mutharika. Tikiti imodzi siidaletse chilichonse mwa izi. Chomwe timaona nthawi zonse ndi chakuti ubale ukangowonongeka, wachiwiri amatsala ndi dzina koma ntchito zonse amalandidwa, chifukwa adazilandira kuchokera kwa munthu yemwe wakwiya naye.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti funso lakuti avoteredwe pamodzi kapena payekha ndi laling'ono poyerekeza ndi lina: kodi lamulo lamupatsa wachiwiriyo ntchito yakeyake, yomwe bwana wake sangaichotse? Ku Virginia ntchitoyo ndi yochepa, koma idalembedwa m'malamulo aakulu. A Kaine sakadatha kuwachotsa a Bolling pa mpando wotsogolera Seneti, ndipo a Bolling sankayembekezera kuti a Kaine awagawire chochita. Aliyense adali ndi anthu ake omwe adamuvotera ndi malo ake ogwirirapo, ndipo kusiyana kwawo kudali kodziwika kuyambira tsiku la chisankho, osati chinsinsi chodzaphulika pakati pa ulamuliro. Chisokonezo cha ku Idaho ndi ku California sichidabwere chifukwa chakuti anthu adavota kawiri. Chidabwera chifukwa cha lamulo lakale, la nthawi yomwe bwanamkubwa akachoka pa kavalo kapena pa sitima sankapezekanso, lomwe lidatsala m'mabuku mpaka m'nyengo ya foni zam'manja. Lamulo lotere litha kukonzedwa popanda kuwalanda anthu voti yawo yachiwiri.

Zigawo zomwe zakhazikitsa udindowu posachedwa zasankha njira inayo, ya tikiti imodzi. New Jersey idachita izi anthu atavomereza mu 2005, pambuyo poti bwanamkubwa Jim McGreevey watula pansi mu 2004, mtsogoleri wa Seneti a Richard Codey n'kukhala akugwira maudindo awiri nthawi imodzi. Wachiwiri woyamba, mayi Kim Guadagno, adayamba ntchito mu 2010 atavoteredwa pa tikiti imodzi ndi a Chris Christie. Arizona idavomereza mu Novembala 2022, itaona ulamuliro ukusintha chipani popanda chisankho mu 2009, pomwe mayi Janet Napolitano a Democratic adapita kukagwira ntchito m'boma la a Barack Obama, mpando n'kugwera mayi Jan Brewer a Republican. Chisankho cha Novembala 2026 ndicho choyamba chokhala ndi wachiwiri pa pepala lovotera la Arizona. Kumeneko wofuna ubwanamkubwa ndiye akudzisankhira womutsatira, Seneti ikhalabe ndi mtsogoleri wakewake, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku ya wachiwiriyo aziipatsidwa ndi bwanamkubwa.